Mbereko ya Mfumu Chilonjezo

Mu Ufumu wa Tidzaona, dziko limene mvula imagwa pa nthawi yake koma zina zonse zimadikira chidindo, munali mfumu yokonda ana kwambiri. Dzina lake linali Mfumu Yaikulu Chilonjezo Wachitatu. Zoti imakonda ana aliyense ankazidziwa, chifukwa wailesi ya ufumu inkanena zimenezi m'mawa uliwonse nyimbo ya fuko ikangotha.

Chikondicho chinaonekera poyera tsiku lina mfumu ikulankhula pabwalo lalikulu la ku likulu, ku Mpandowanga. Inali itangofika pa mfundo yokoma, yonena za milatho imene idzamangidwe mitsinje ikadzapezeka, pamene khanda lina linayamba kulira pakati pa khamu. Linalira mpaka kuposa zokuzira mawu. Mfumu inasiya kuwerenga, inavula magalasi, n'kufunsa nduna imene inali pafupi.

"Ameneyo ndi wotsutsa?"

"Ayi, Mwini Dziko, ndi mwana."

"Nanga akufuna chiyani pamsonkhano wa akuluakulu?"

"Mayi ake alibe pomusiya, Mwini Dziko."

Mfumu inamva chisoni chachikulu, makamaka poganiza kuti mwanayo angadzalirenso pamsonkhano wotsatira. Bwalo la nduna linaitanidwa msangamsanga, ndipo lamulo linatuluka: kuyambira tsikulo mwana aliyense wa mu Tidzaona adzaberekedwa pamsana pa boma. Ndondomekoyo anaitcha Mbereko ya Mfumu. Aliyense wosunga ana a anzake masana azilandira ufa wa phala, shuga ndi kangachepe ka sopo mwezi ndi mwezi, bola akhale wovomerezeka. Mawu akuti "bola" anawonjezera ndi Wolemekezeka Dyeratu, amene tsiku lomwelo anasankhidwa kukhala Nduna ya Ana ndi Tsogolo Lowala. Nthawi yotsala yonse nduna zinakangana za mtundu wa nsalu imene amayi adzavale povina pa tsiku lokhazikitsa ndondomekoyo.

Kuseri kwa msika wa Vutikani, pakati pa chigayo ndi pokonzera njinga, panali chisakasa cha mayi Edina Nangondo. Kale ankagulitsa kaunjika, koma mawondo atayamba kukana maulendo okaoda mabelo, anakhala pansi. Mnzawo wina anawasiyira mwana kuti akagulitse tomato, wachiwiri anaona n'kusiyanso wake, ndipo posakhalitsa chisakasa chinadzaza tianthu tokwawa, toyenda dzandidzandi ndi tongoyamba kumene kutukwana. Amayi ankalipira monga mmene msika wayendera: wina tomato wofewa, wina kambale ka usipa, wina "ndikuonani mawa". A Nangondo sanali mngelo. Pakamwa pawo panali pakuthwa, ndipo mayi wobwera mochedwa kudzatenga mwana ankamva mbiri ya banja lake lonse. Koma mwana sankachoka pamenepo ndi njala kapena ndi thewera lonyowa.

Amene anabweretsa nkhani anali Nazimbiri, wokazinga mandasi pachipata cha msika, mayi wa kamtsikana kotchedwa Mtisunge.

"A Nangondo, mwamva? Boma lagula mbereko."

"Msana wake uli kuti?"

"Musatero inu. Akuti ufa, shuga ndi sopo mwezi uliwonse. Nkhaniyi mwini wake ndinu. Pitani mukalembetse, ana athuwa azimwa phala lenileni, osati madzi oyera amene mumawanamiza nawo aja."

A Zuze, okonza njinga, anadzutsa mutu pa chubu chimene ankamata. "Boma likakupatsa mbereko uziyang'anitsitsa," anatero. "Mwina wobereka mnzake ndiwe."

A Nangondo anawauza a Zuze kuti aziona za machubu. Zoona zake, mtima wawo unali utagwa kale. Denga la chisakasa linkadontha, ufa unkatha mwezi usanafike pakati, komanso mawu akuti "wovomerezeka" anawakomera m'khutu. Chibadwire palibe amene anawavomerezapo chilichonse, ngakhale apongozi awo. Mawa lake anavala chilundu cha ku tchalitchi n'kukwera minibasi ya ku Mpandowanga.

Nyumba ya Unduna wa Ana ndi Tsogolo Lowala inali yosanjikizana, ya magalasi okhaokha. M'makoma monse munali zithunzi za ana onenepa akuseka, ndipo munali zii ngati kumanda. Atadikira pabenchi mpaka miyendo kuchita dzanzi, anawalowetsa kwa a Kalinde, Mkulu Woona za Kuvomereza Ofuna Kuvomerezedwa. A Kalinde anali munthu waulemu, wosakweza mawu, wa taye yonyezimira.

"Zinthu zake n'zosavuta, mayi," anatero. "Pakhale mpanda. Pakhale chimbudzi cha msinkhu wa ana. Pakhale katungwe. Chithunzi cha Mwini Dziko chipachikidwe m'munsi, poti mwana wokwawa azitha kuchiona. Mukachite maphunziro a kaberekedwe ka mwana kamakono. Pomaliza, pakhale umboni woti munasungapo ana."

"Umboniwo ndiye ulipo wambiri, bwana. Wina amaluma."

A Kalinde anamwetulira mwaulemu n'kuitana wotsatira.

Msika wonse unagwirapo. Amayi anasonkha nsungwi za mpanda. Mwamuna wa Nazimbiri, mmisiri womanga nyumba, anamanga kachimbudzi kokongola kuposa nyumba yake yomwe. A Zuze, uku akung'ung'udza, anapachika thayala lakale panthambi ya mtengo wa mango kukhala katungwe. Chithunzi cha mfumu anachikhoma m'munsi monga mwa lamulo, ndipo ana anachikonda kwambiri, moti sabata isanathe anali atachinyambita mpaka ndevu za Mwini Dziko kufufutika.

Maphunziro anachitikira kuhotela. A Nangondo anayembekeza kukapeza amayi anzawo a zilundu, koma m'chipindamo munadzaza abambo a masuti, makiyi a galimoto ali patebulo. Mphunzitsi anasonyeza kaberekedwe kamakono pogwiritsa ntchito chidole, chimene chinapirira zonse osalira. Pafupi ndi a Nangondo panakhala bambo wa mimba yaikulu, a Gomezi, mlamu wake wa Nduna Dyeratu. A Nangondo ankawadziwa ngati mwini wa malo omwera mowa a m'mbali mwa msewu waukulu.

"Kodi nanunso mumasunga ana, bambo?"

"Tayamba, mayi. Simunaone? Tapenta kale. Pano ndi Tiangelo Mkombaphala."

"Anawo mumawagoneka pati, pakati pa makireti?"

"Ana adzabwera, mayi," a Gomezi anayankha akutsegula botolo la madzi. "Choyamba ndi chikalata. Munthu sugula mbuzi usanamange khola."

Mayina a ovomerezeka oyamba atalengezedwa pawailesi, Tiangelo Mkombaphala inali pamwamba. Panalinso galaja ina, sitolo ya feteleza ya mkazi wa Nduna ya Misewu, ndi munda wa fodya wa mkulu wa asilikali. Dzina la a Nangondo panalibe, chifukwa malo awo anali asanayenderedwe. Malo enawo, wailesi inafotokoza, anayenderedwa pa foni.

Tsiku loyendera linafika. A Nangondo anasesa pabwalo mpaka nyerere kusowa pobisala, anasambitsa ana, anawadzoza mafuta. A Kalinde anatsika m'galimoto ya boma, anayeza mpanda ndi tepi, anasuzumira m'kachimbudzi, anakankha katungwe ndi nsonga ya nsapato, ndipo paliponse ankagwedeza mutu movomereza. Kenako analowa m'chisakasa. Ana otha kuimirira anaimirira n'kuimba nyimbo ya moni imene anaiphunzira sabata yonse.

A Kalinde anabwerera m'mbuyo. "Awa ndi chiyani?"

"Ana, bwana."

"Ndikuona kuti ndi ana. Akutani pano?"

"Ndiwo umboni munanena uja."

"Mayi, lamulo likuti munthu wosavomerezeka asasunge ana a eni ake. Inu ndinu wovomerezeka?"

"Si zimene mwabwerera, bwana?"

"Ndiye kuti pakali pano simuli. Ndakupezani mukuswa lamulo ine ndikuona ndi maso angawa."

"Nanga mukanapeza mulibe ana?"

"Ndikanalemba kuti palibe umboni."

A Nangondo anapukuta manja pachilundu, ngakhale anali ouma. "Bwana, zaka zonsezi ndakhala ndikusunga ana pano. Sipanabwere munthu kudzandiletsa."

"Kale boma silinkakudziwani, mayi," a Kalinde anatero mokoma mtima. "Pano munalembetsa."

Anatulutsa ana onse panja n'kukhoma chitseko ndi loko wa boma, wamkulu, watsopano. Chimenecho ndicho chinthu choyamba chimene a Nangondo analandira kuchokera ku Mbereko ya Mfumu.

Ana anabwerera kumene amayi awo anawachotsa, pakati pa msika. Wina ankagona pansi pa benchi la nyama, ntchentche zili ng'waa. Wina anamumangirira ndi chitenje kumwendo wa tebulo ngati nkhuku yogulitsa. Amayi amene dzana ankasonkha nsungwi tsopano ankadutsa a Nangondo osapereka moni, ndipo wina ananena mokweza kuti anthu ena akafuna kutchuka amaiwala kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. M'mawa uliwonse a Nangondo ankabwerabe kudzakhala pamwala kutsogolo kwa chitseko chokhomacho, manja ali pamiyendo, osadziwa chochita nawo.

Tsiku lina la msika waukulu, Nazimbiri anatsitsa Mtisunge kumsana kuti apume pang'ono, n'kutembenuka kuti apatse kasitomala chenji. Mwanayo anaona mandasi akuvina m'chiwaya n'kutambasula dzanja. Kulira kwake kunamveka mpaka kuchigayo. A Nangondo anathamanga ndi mawondo awo oipawo, anakwatula mwanayo n'kumiza mkono wake m'ndowa ya madzi, uku akuitana wakabaza. Mafuta anali atawotcha kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono.

Kuchipatala amayi awiriwo anakhala pansi m'khonde, mwana atagona pamiyendo ya mayi ake, mkono uli m'mabandeji.

"Ndinalakwa kupita kuja, amake Mtisunge," a Nangondo anatero.

"Anakutumani ndine."

Pawindo la chipinda cha alonda wailesi inkabwereza mawu a mfumu, monga inkachitira masana aliwonse: "Mayi wa mu Tidzaona asadandaulenso. Mwana wake ali pamsana pa boma." Nazimbiri anamvetsera mpaka mawuwo atatha. Maso ake anali ouma.

"Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko," anatero. "Mwini msana wanena yekha. Tikamupatse ana ake."

Lolemba m'mawa minibasi ziwiri zinaima pachipata cha Unduna. Munatsika amayi a msika wa Vutikani, aliyense ndi mwana kumsana, ena ndi winanso padzanja. Mlonda ataona amayi ambiri atavala zitenje anaganiza kuti ndi ovina, chifukwa tsikulo kunkabwera alendo a kutsidya kwa nyanja amene ankathandiza ndondomekoyo, ndipo mu Tidzaona gulu la amayi limalowa muofesi ya boma pa chifukwa chimodzi chokha. Anawatsegulira ndi sawatcha.

Amayiwo anakwera masitepe mwaulemu. Anamasula ana n'kuwakhazika pakapeti wofewa wa chipinda cholandirira alendo, ena muofesi ya a Kalinde, ena pakhomo penipeni pa Nduna. Pambali pa mwana aliyense anasiyapo kamtolo ka matewera.

"Zikomo kwambiri, bwana," Nazimbiri anauza a Kalinde atagwada. "Uyu amagona masana. Uyo asadye mtedza. Wamalaya ofiirayo mumusamale, amaluma. Tidzawatenga msika ukaweruka."

A Kalinde asanaimirire n'komwe, amayi anali atatsika kale. A Nangondo okha ndiwo sanabwerere kumsika. Anakakhala pabenchi pansi pa mtengo, pabwalo la Unduna, n'kupinda manja.

Poyamba munali bata, ana akudabwa ndi kufewa kwa kapeti. Kenako mmodzi anazindikira kuti mayi ake palibe, n'kuuza anzake. Nyumba ya magalasi ija, imene chimangidwire inali isanamvepo mawu a mwana, inanjenjemera. Alembi anakwera pamipando. Mkulu Woona za Kadyedwe ka Ana anadzitsekera m'chimbudzi. Katswiri wa kaberekedwe kamakono uja anayesa kubereka mwana mmodzi monga mwa buku, koma mwanayo, posakhala chidole, anamukoka khutu n'kumunyowetsa msana.

A Kalinde anatuluka akuthamanga, taye ili paphewa, dzanja lina atalikulunga ndi mpango.

"Mayi Nangondo! Mayi, chonde tathandizani."

"Ine, bwana? Ndine wosavomerezeka."

"Lero lokha, mayi."

"Lamulo, bwana. Mungandipeze ndikuliswa inu mukuona ndi maso anuwo."

Ananena mawuwo mosaseka, ndipo sanali opepuka. Pawindo ankamva kulira kwa ana amene anawalera kuyambira ali ofiira, ndipo mawu a aliyense ankawazindikira. Thupi lonse linkafuna kudzuka. Anagwira thabwa la benchi ndi manja onse awiri n'kuyang'ana pansi.

"Itanani ovomerezeka," anatero. "A Gomezi ali ndi foni."

A Gomezi anawaimbiradi. Anayankha kuti malo awo sanakonzekere kulandira ana chifukwa makasitomala a dzulo anali asanadzuke.

Apa Wolemekezeka Dyeratu anatulukira yekha pakhonde la pamwamba. Nsapato imodzi inali itasowa, ndipo kamnyamata kena kanali katakakamira mwendo wake kakuitana kuti "ababa", zimene zinachititsa alembi kuyang'anana.

"Kalinde! Alendo anyamuka kale kuhotela. Kodi mayiyo akufuna chiyani?"

"Akufuna kuvomerezedwa, Wolemekezeka."

"Ndiye muvomereze!"

"Koma ndime ya umboni, Wolemekezeka, ikutsutsana ndi ndime ya..."

"Umboni wandikodzera pa thalauzi, Kalinde. Dinda!"

Chidindo chinasowa. Anachifunafuna m'madirowa monse, mpaka anachipeza m'manja mwa kamtsikana kena kamene kanakhala phee pansi pa tebulo kakugwira ntchito. Kanali katavomereza kale khoma, mipando, nsapato ya Nduna ija ndi mphumi ya mng'ono wake. Anakanyengerera ndi bisiketi ya alendo, ndipo chikalata cha a Nangondo chinadindidwa pa bondo la a Kalinde, pabwalo, inki ikudontha.

A Nangondo anachipinda n'kuchilowetsa pachifuwa osachiwerenga. Anakwera masitepe mofulumira kuposa mmene mawondo awo ankalolera. Ataima pakhomo, ana anawathamangira onse pamodzi mpaka kuwagwetsa pakapeti, ndipo anakhala pomwepo kanthawi, atawakumbatira, akutukwana pansipansi aliyense amene anabadwa atavala taye. Galimoto ya Unduna inawatenga onse kudzera kuchipata cha kuseri, alendo akulowa cha kumaso. Alendowo anayamikira kwambiri fungo la m'nyumbamo, ati likusonyeza kuti Undunawu uli pafupi ndi anthu.

Madzulo ake Wolemekezeka Dyeratu anakafotokoza ku bwalo la nduna kuti Mbereko ya Mfumu yakondedwa kwambiri moti ana anabwera okha kudzathokoza. Mfumu inagwetsa msozi. Kenako Nduna inapempha kuti, pofuna kuteteza anawo ku masitepe, pakhale lamulo latsopano. Linavomerezedwa onse ataimirira. Sabata yomweyo pachipata panakhomedwa chikwangwani chachikulu: ANA SALOLEDWA KULOWA MU UNDUNA WA ANA.

Chisakasa chinatsegulidwa. Amayi anayambanso kupereka moni, ndipo amene ananena za mkuyu uja anabweretsa dengu la mbatata. Mtisunge anabwerera ndi chipsera chonyezimira pamkono, ndipo kwa nthawi yaitali ankalira akamva fungo la mafuta otentha. Pakhomo a Nangondo anapachikapo chikalata m'pulasitiki kuti chisanyowe, poti denga linkadonthabe.

Ufa sunabwere. Mvula inagwa, chimanga chinacha, anthu anakolola, ufa osaoneka. Wailesi inkalengeza kuti matumba afika kale kwa ovomerezeka onse, ndipo kumsika anthu anayamba kuona nkhumba za anthu ena zikunenepa modabwitsa. Ana a kwa a Nangondo ankamwabe phala la ufa wosonkha amayi awo.

Potsiriza a Nangondo anavalanso chilundu cha ku tchalitchi kuti akafunse. Nazimbiri anawaperekeza, akuyenda pang'onopang'ono, chifukwa tsopano anali ndi pakati pooneka, masiku atatsala pang'ono. Pachipata anapeza mlonda watsopano, amene anamulemba ntchito m'malo mwa wa sawatcha uja, ndipo anali atachenjezedwa kolimba. Anayang'ana chikalata cha a Nangondo n'kugwedeza mutu.

"Inu amayi lowani."

Kenako anayang'ana Nazimbiri. Anayang'ana mimba, anayang'ana chikwangwani, anayang'ananso mimba. Anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Nanunso asisi mukhoza kulowa," anatero, "koma winayo atsale panja."

Nazimbiri sanakangane naye. Anamasula chitenje chapamwamba, anachiyala pakati penipeni pa chipata, pamene pamadutsa galimoto ya Nduna, n'kukhala pansi mosamala, atatambasula miyendo.

"Palibe vuto, achimwene," anatero. "Ndidikira pompano atuluke. Mukonzeretu manja, womugwirizira ndinu."